Miyezi Itatu M'jekete la Bwana

1

Dzina langa ndine Wickson, kwathu ndi ku Ngabu, m'chigwa chimene munthu amasamba n'kuyamba kutuluka thukuta asanavale malaya. Nkhani yanga ndi ya momwe ndinatayira mkazi amene ndinkafuna kumanga naye banja. Ena amataya akazi chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha zibwenzi. Ine ndinamutayira pamwamba pa phiri lozizira, nditavala zovala za munthu wina.

Ku Doha ndinafika mu 2018 ngati dalaivala wa bwana Cassim, mkulu wogulitsa makina oziziritsa m'nyumba, ma AC aja. Msinkhu tinali ofanana ndendende, koma pamimba anandiposa kawiri. Sanali munthu wankhanza ayi. Vuto lawo linali loti chilichonse chimene mtima wawo wafuna, ankaona ngati kumwamba avomereza kale.

M'nyumba mwawo munkagwira ntchito Eveless, mtsikana wa ku Ntcheu, dzanja lamanja la madamu Khadija, akazi a bwanawo. Tinadziwana pakhomo la kukhitchini, ine ndikutsitsa zogula, iye akulandira n'kumandiuza kuti tomato sindidziwa kusankha. Covid itavuta, chikondi chathu chinakulira pakhomo lomwelo titatalikirana mamita awiri monga mwa lamulo. Ndinamufunsira tonse titavala mamasiki, moti mpaka lero sindidziwa ngati anamwetulira.

"Ine sindine wotola pamsewu, Wiki," anatero. "Ukaonekere kaye kwa malume anga, a Stafford, ku Ntcheu. Akakuona ndi maso awo, ndiye tikambe za ukwati."

Ndinalonjeza kuti tchuthi changa cha Disembala 2021 ndidzapita. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, ndipo nthawi imeneyo ndinkanena zoona.

2

Tsiku lina mu Novembala tikuchokera ku ofesi ku West Bay, bwana anandiuza kuti ndiimike galimoto pambali.

"Tuluka. Ima apa. Tigundane misana."

Tinaima msana ndi msana dzuwa likuswa mtengo, anthu odutsa akutiyang'ana. Bwana anayeza mitu yathu ndi chikhatho, n'kunena kuti, "Mashallah." Titabwerera m'galimoto anandifunsa ngati sinowo ndinaionapo.

"Mufiriji, bwana."

Ndiye anamasula thumba lonse. Miyezi iwiri yapitayo anali atakwatira mkazi wachiwiri mwakachetechete, n'kumuika m'fulati kudera lotchedwa Old Airport. Mkaziyo anali atatopa ndi mwamuna wobwera masana ngati wowerenga mita ya madzi, ankafuna miyezi iwiri yathunthu. Mwamwayi dokotala anali atauza bwana kuti atachira Covid ayenera kuchepetsa thupi. Choncho anauza madamu kuti akupita ku mapiri a ku Georgia nyengo yonse yozizira, kukaphunzira masewera otsetsereka pa sinowo ndi thabwa. Madamu kuzizira amadana nako, sakanawatsatira.

"Koma madamu amaona foni yanga pamapu, ndipo adzafuna mavidiyo tsiku ndi tsiku," anatero bwana. "Ndiye foni ipita ku Georgia. Jekete lipita ku Georgia. Ine sindipita."

"Nanga m'jeketemo mukhala ndani, bwana?"

Anangondiyang'ana pagalasi la kutsogolo.

Apa ndinene zoona, chifukwa mpata wonama ulipo. Zikanakhala zaka za m'mbuyomo ndikanati ndinalibe kuchitira mwina, poti kale bwana akakana kusaina kalata yokumasula, ija tinkaitcha NOC, ntchito sukanasintha. Koma lamulo linali litasintha chaka chapitacho. Ndinali nditapeza kale malo pa hotela ina, chotsala chinali kupereka notisi basi. Palibe anandigwira pakhosi. Ndinangoganiza za ndege, za bedi loyalidwa ndi munthu wina, za kutchedwa bwana kwa miyezi iwiri, ine amene ndinkagona chipinda chimodzi ndi amuna asanu ku Al Muntazah. Mtima unangoti myaa.

"Chinthu chimodzi," anatero bwana. "Mtsikana wako uja amakhala ndi madamu tsiku lonse. Asadziwe."

"Mafi mushkila, bwana." Ndiko kuti palibe vuto.

Eveless ndinamuuza kuti ndikupita kumudzi, ndikaona amayi ku Ngabu kenako ndikwera basi ya ku Ntcheu. Anasangalala mpaka anaiwala mamita awiri aja. Anandipatsa kachikwama, muli wotchi ya malume ndi mafuta onunkhira a azakhali, n'kundiuza kuti ndikakafika ndisakakhale pampando asanandiuze. Kachikwamako kanakwera nane ndege ya ku Georgia ndipo kanakhala pansi pa bedi la hotela mpaka tsiku lobwerera.

3

Kuzizira kumene ndinkakudziwa ine ndi kwa Juni ku Limbe, kuja munthu umangopinda manja n'kumadandaula. Kwa kuphiri kuja n'kwina. Nditatsika minibasi, makutu anasiya kukhala anga, mano anayamba kuyankhulana okha.

M'mawa mwake ndinavala bwana Cassim. Thalauza lokhuthala, jekete lofiira, magolovesi, chipewa cholimba, magalasi aakulu ngati a owotcherera zitsulo, ndi masiki mpaka m'maso. Khungu silinkaoneka ngakhale pang'ono. M'kati mwa jekete ndinalowetsa mapilo awiri a hotela kuti mimba ifanane ndi ya mwini wake.

Mphunzitsi wanga anali Levani, bambo wandevu amene kuseka ankakusungira Khirisimasi. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anayang'ananso pepala, n'kunena kuti, "Chabwino, Mister Cassim." Anthu a m'malo a alendo ndi amodzi dziko lonse, safunsa zimene sanatumidwe.

Masewerawo ali chonchi. Amatenga thabwa limodzi, n'kumangirira mapazi ako onse awiri pomwepo, kenako amakuuza kuti utsike phiri cham'mbali. Kwathu chinthu chomangidwa miyendo chotero ndi mbuzi yopita kumsika pa njinga. Levani ankangobwereza mawu omwewo: pindani mawondo, musayang'ane pansi, yang'anani kumene mukupita. Ine kumene ndinkapita kunali pansi komweko. Ndinagwa chagada, ndinagwa chafufumimba, ndinagwa ndisanayambe n'komwe kuyenda. Tiana ta zaka zisanu tinkandidutsa tikudya masiwiti. Mapilo aja ndi amene anapulumutsa nthiti zanga.

Tinkaphunzira kuyambira naini koloko mpaka masana, kenako thuu koloko mpaka folo. Levani ankajambula, ine n'kutumiza kwa bwana, bwana, amene anatsala ndi foni yawo ina, n'kutumiza kwa madamu. Ikakwana nthawi yoimbira madamu, bwana ankavala chipewa chaubweya m'fulati muja, kutsegula AC mpaka kumapeto, n'kuima pafupi ndi khoma loyera akunjenjemera. Kunjenjemerako kunali kwenikweni, makina awo ndi abwino.

Ine vuto langa linali Eveless.

"Iwe Wiki, mphuno zatani? Ukumveka ngati uli m'chigubu."

"Ndi mvula ya kuno."

"Chimfine ku Ngabu mu Disembala? Kayezetse, mwina ndi Covid. Tayatsa video ndikuone."

"Network ya kuno ukuidziwa, Eve."

"Malume akufunsa kuti ubwera liti. Abwereka mipando ku tchalitchi, azakhali aphika thobwa."

"Uwauze weekend ikubwerayi, inshallah."

Loweruka limenelo ndinadwala Covid ya pakamwa. Lotsatira lake basi inawonongeka pa Zalewa. Ku Ntcheu mipando inabwerekedwa kawiri n'kubwezedwa kawiri, thobwa anamwa ana a oyandikana nawo. Ndinkamva chisoni ndithu, koma chisoni chake chinkatha ndikalowa m'bafa la madzi otentha.

Sabata yachitatu ndinatsika njira ya oyamba kumene kuchokera pamwamba mpaka pansi osagwa. Levani anaitana mnzake kuti ajambule, n'kundipatsa kabaji kosonyeza kuti ndakhoza gawo loyamba. Ndinalandira, ndinathokoza, ndinatumiza vidiyo. Tsiku limenelo ndinadya nyama ya nkhosa ndikudziona ngati munthu wochenjera kwambiri amene Ngabu inatulutsapo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

4

Patapita masiku awiri bwana anaimba mawu ali pansi.

"Wickson, tili pamavuto. Madamu akondwa."

"Si zabwino zimenezo, bwana?"

"Akondwa kwambiri. Aimbira sukulu ya kumeneko, andigulira mphatso ya maphunziro apamwamba."

Njira za paphiri amazipatsa mitundu. Yobiriwira ndi ya ana ndi anthu onga ine. Yabuluu ndi ya amene ayamba kudzidalira, yofiira ndi ya odziwa, yakuda ndi ya anthu amene analemba kale za chuma chawo chamasiye. M'mawa mwake Levani anandigwira paphewa.

"Akazi anu amakukondani kwambiri, Mister Cassim. Akuti yabuluu tiidumphe, tiyambe yofiira."

Kuyambira pamenepo mphatso za madamu sizinathe. Lero kutsika pakati pa mitengo. Mawa kudzuka m'bandakucha kukathamanga mu sinowo yofika m'mawondo. Mkuja njira yotsetsereka moti ukaima pamwamba suona pothera pake. Ndinkakwera kampando kolenjekeka pawaya kopita pamwamba pa phiri ndikupemphera mapemphero a mipingo itatu. Madamu anauzanso bwana kuti akudabwa mimba siikutsika ndi masewera onsewa, choncho ndinachotsa pilo mmodzi, kenako winayo, ndipo nthiti zinatsala pamtunda. Uku bwana m'fulati muja sankatuluka kuopa kuonedwa, ntchito inali kudya zimene mkazi watsopano waphika.

Nthawi yomweyo Eveless anasiya kufunsa za ku Ntcheu. Ankangoti, "Usadzipanikize, malume adikira," n'kundifunsa ngati ndadya. Ndinathokoza Mulungu pondipatsa mkazi womvetsa.

Ndisaname, masewerawo ndinayamba kuwakonda. Thupi likazolowera, thabwa limamva maganizo ako usanaliuze. M'mawa anthu asanachuluke ndinkatsika ndekha, dziko lonse lili mbee, kulibe hutala, kulibe woitana dzina langa, kukumveka thabwa lokha likudula sinowo ngati mpeni pa kabichi. Zaka zinayi ndinali ndikuyendetsa anthu kumene iwo akufuna. Paphiri paja ndinkapita kumene ndafuna ine, ndipo ndinkasangalala ngati mwana.

Chakumapeto kwa Januwale, ndikudya chamasana pa lesitilanti ya pamwamba pa phiri, uthenga wa Eveless unalowa. "Wiki, ndamva za namondwe. Akuti madzi asefukira, ku Chikwawa kwaipa. Amayi ali bwanji?"

Owerenga, chigawo ichi ndachilemba katatu ndikufuna kuchikometsa, koma sichikukoma. Nditawerenga uthengawo, chimene chinayamba kubwera mumtima mwanga si amayi. Chinali chimwemwe. Mabodza anali atandithera, ndiye nali bodza lalikulu labwera lokha, lokwanira mwezi wathunthu.

Ndinalowa m'chimbudzi cha lesitilantiyo, ndinatsegula mpopi kuti madzi azimveka, n'kujambula mawu. "Eve, kuno zavuta. Tili pa camp, pa sukulu. Nyumba yagwa mbali imodzi, ndawanyamula amayi kumsana kuwaolotsa. Msewu waduka, ku Ntcheu sindingafike mwezi uno. Uwauze malume atipempherere." Ndinatumiza, ndinatseka mpopi, n'kupita kukaphunzira za masana poti Levani sankakonda ochedwa.

Amayi ndinawapeza patapita masiku awiri, pa foni yobwereka imene moto unali ukutha. Analidi pa sukulu. Nyumba inali itagwadi mbali imodzi, ndipo anawaolotsa kumsana ndi mwana wa oyandikana nawo. Zonse zimene ndinanama zinali zoona, kupatula kuti ine panalibe.

5

Miyezi iwiri itakwana ndinayamba kulongedza, koma bwana anaimbanso.

"Usalongedze. Madamu andilembetsa mpikisano wa ophunzira, uli pakati pa Malichi. Akuti sindingabwere ndisanawabweretsere mendulo."

"Mpikisano wa chiyani, bwana?"

"Wolumpha." Kenako anatsitsa mawu. "Wickson, kuno sikuli bwino. Mayi wa m'fulati muno akuti ndimapuma mokweza. Akuti nditulukeko ngakhale ola limodzi, koma ndipita kuti? Doha yense akudziwa kuti ndili ku Georgia."

Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine sindinali woti n'kuwauza, poti nane ndinali nditanyowa kale.

Mwezi wonsewo Levani anandiphunzitsa kulumpha. Amaunjika sinowo ngati chulu, iwe n'kubwera ndi liwiro, kukwera chulucho, n'kuuluka. Kuuluka sikuvuta, aliyense amauluka. Nkhani ili pa kutera. Tsiku la mpikisano ndinavala nambala pachifuwa, wolengeza anatchula dzina la Cassim wa ku Qatar, anthu anaomba m'manja. Ndinabwera bwino, ndinakwera bwino, ndili m'malere ndinaona denga la hotela yanga n'kuchita chidwi. Ndinatera ndi phewa lamanzere.

Ku chipatala anabwezera fupa m'malo mwake n'kukoleka mkono pansalu yodutsa m'khosi. Ndisanaganize n'komwe zobisa, Levani anandiuza kuti vidiyo watumiza kale kwa "akazi anga," ndiko kuti madamu, poti anamupempha kuti za mpikisano azilandira okha mwachindunji. Choncho ku Old Airport bwana anatuma munthu ku famase kukagula nsalu yokolekera mkono.

Tinakumana pamalo oimika magalimoto pa bwalo la ndege la ku Doha kuti tisinthane katundu. Ine ndinali nditauma ngati chiwala. Bwana anali atawonjezera, masaya akulendewera, nkhope ili mbuu chifukwa chosaona dzuwa miyezi itatu. Jekete lofiira lija linakana kutseka. Tinalimbana ndi zipi anthu awiri, aliyense ndi dzanja limodzi, mpaka tinangolisiya lotsegula.

"Nanga mkono wakowo ukawauza chiyani?" anafunsa bwana.

"Ndinagwa pa kabaza ku Ngabu."

"Yalla, tiye."

6

Madamu Khadija anatilandira m'chipinda chachikulu cha alendo. Ndinkati ndisiye masutikesi ndizipita, koma anati ndikhale. Eveless anaima pafupi ndi TV atanyamula rimoti, maso ali pansi. Tinaima pamaso pawo amuna awiri a msinkhu umodzi, aliyense mkono wamanzere uli pansalu.

"Ngwazi yanga," anatero madamu, n'kupereka kabokosi ka mphatso kwa bwana. Bwana anakatenga ndi zala ziwiri, maso ali kwina, n'kukaponya pampando.

Kenako madamu anathira madzi m'tambula, anadzuka okha, n'kubwera kwa ine. Chiyambire ntchito anali asanandipatsepo kanthu ndi dzanja lawo. "Wickson, waonda. Imwa."

Ndinatambasula dzanja lamanja. Lamanzere, ngakhale phewa linkawawa, linasuntha lokha m'nsalu muja kukagwira mkono wamanjawo, mawondo n'kupindika pang'ono. Sindinaganize n'komwe. Ndi mmene amayi anandilerera.

"Eveless, yatsa," anatero madamu.

Pa TV panaoneka phiri, Levani, ndi munthu wa jekete lofiira akulandira kabaji. Munthuyo anapinda mawondo thabwa lili kumapazi, analandira ndi manja awiri, anakaika m'thumba, kenako anaomba m'manja katatu ndi magolovesi, mofatsa, mutu uli pansi. Eveless anaimitsa vidiyoyo pamenepo.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndi bambo awa," anatero madamu akuyang'ana ine. "Sanalandirepo chinthu ndi manja awiri, ngakhale mwana wawo woyamba ku chipatala. Nditaona vidiyoyi ndinalira, ndimati phiri lawaphunzitsa ulemu. Eveless ndiye anagwetsa thireyi."

Bwana anatsegula pakamwa. Madamu anawauza kuti avule kaye nsaluyo, ikuwatopetsa chabe, ndipo anatchula nambala ya fulati ya ku Old Airport ndi nsanjika yake. Zotsatira zake zinali m'Chiarabu chothamanga chimene sindinaphunzire. Ife awiri anatikupiza ndi dzanja kuti tituluke.

Kukhitchini Eveless anayamba kutsuka makapu oyera kale.

"Eve, bwana anandikakamiza."

"Zimenezo mukanene mu 2019, a Wickson. NOC inatha. Malaya a interview ya ku hotela ija ndinakusitirani ndine."

Chikhalire anali asananditchulepo a Wickson. Ndinayesa kuseka kuti zinthu zipepuke. "Koma madamu ndi oopsa. Njira zija akanandipha."

"Madamu sadziwa kuwerenga mapu. Ndinkasankha ndine."

Ndinakhala pa chigubu cha madzi. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse iye ndi madamu ankakhala pa tebulo lomwelo ndi mapu a phirilo, madamu akumwa khofi, iye akuloza ndi chala. Yofiira ija anali iye. Pakati pa mitengo anali iye. Zochotsa mimba anali iye, poti anadziwa kuti muli mapilo.

"Ndimati mugwe mokwanira, mubwere, mupepese, ndikukhululukireni," anatero. "Malume ndinawanamiza kuti ntchito yakugwirani ku Doha konkuno. Ndinanamiza malume anga chifukwa cha inu. Sinowo ndikanaiwala, a Wickson. Nane ndikanapatsidwa ticket mwina ndikanapita."

"Ndiye tikonze, Eve. Ndipita ku Ntcheu mwezi wamawa, wallahi."

Anapukuta manja, anatulutsa foni m'thumba la epuloni, n'kuyatsa. M'khitchini munamveka mpopi wa ku Georgia ndi mawu anga akunena kuti ndanyamula amayi kumsana. Anasiya kuti amveke mpaka kumapeto.

"Tsiku limenelo ndinaimba manambala khumi ndi anayi kufunafuna amayi anu. Ndinawapeza kudzera kwa aphunzitsi a pa sukulupo. Anali ndi chitenje chimodzi chonyowa. Mukudziwa chimene anandifunsa? Anati, mwana wanga ku Qatar kuja ali bwino, poti sanaimbe? Ndinawauza kuti muli bwino, muli busy. Ndikungodula foni, voice note yanu ikulowa." Anabweza foni m'thumba. "Mpikisano wolumpha uja ndinasankha tsiku limenelo. Nditaona mwagwa ndimayesa mtima ukhala pansi, koma ndinangopeza kuti mulibemonso kanthu. Khalas, a Wickson, zatha. Wotchi ya malume musiye pa tebulopo."

Sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandiponyera kapu.

7

Bwana Cassim akadali ndi madamu Khadija, pa malamulo amene sindiwadziwa, koma ndimamva kuti masiku ano foni ali nayo imodzi. Mkazi wa ku Old Airport anapempha yekha kuti amusiye. Eveless anapereka notisi mwezi wotsatira, madamu anamulembera kalata yabwino, pano ndi woyang'anira zipinda pa hotela ina yaikulu ku West Bay. Ine ndimayendetsa basi ya antchito a kampani yoyeretsa m'maofesi, ndipo AC ikandiomba paphewa lamanzere ndimakumbuka Georgia.

Anzanga a ku Al Muntazah akamva nkhaniyi amagwa ndi phwete, kenako amandipepesa kuti chinandigwiritsa ndi ulemu, ndikanalandira kabaji kaja ndi dzanja limodzi bwenzi pano ndili pabanja. Kwa nthawi yaitali ndinkavomera, chifukwa ndi nkhani yokoma kuuza anthu. Koma inu owerenga mwaona nokha kuti kugwidwa sikunandilande Eveless. Anandigwira mu Januwale n'kupitiriza kundidikira. Ife a kunja kuno bodza timaliona ngati chida cha ntchito, timanamiza a kumudzi kuti zikuyenda, timanamiza mabwana kuti tamva, mpaka umafika poti tsoka la mayi ako ukulimva ngati mwayi. Ine ndinafika pamenepo osadziwa kuti ndafika, ndipo ndikuchita nazo manyazi kuposa mmene ndingalembere.

Nyumba ya amayi ndinaikonza, ili ndi malata atsopano. Koma amayiwo mpaka lero sadziwa kalikonse. Lamlungu lililonse ndikaimba amandifunsa funso limodzi: "Mtsikana wa ku Ntcheu uja ubwera naye liti? Bulangete limene ananditumizira pa sukulu paja ndikufundabe." Ndayesa kangapo kuwauza, koma ndimangoti foni ikuduladula.

Amayi sadziwa kuwerenga, koma pa Ngabu sipasowa munthu wogula magazini ino. Inu amene mukawawerengere, khalani nawo pansi pamthunzi, muwerenge pang'onopang'ono. Adzaseka za mapilo, asiyeni aseke. Koma chigawo chachinayi musadumphe.